Mbali Yopanda Buleki

A Lalo Carrasco anali ndi funso limodzi, ndipo analifunsa mpaka anthu a ku Farwell, ku Texas, analiloweza. M'mawa uliwonse pa lesitilanti ya mayi Darlene ankaloza pawindo, pomwe njanji imalekanitsa Texas ndi New Mexico, n'kuyambapo.

"Tandiuzani inu ophunzira, pa njanji apo pali chiyani? Mwana wanga akakhala tsidya lino ndi dalaivala. Akangoponda tsidya ilo, akuti ndi khanda. Kodi nzeru zimatsalira pakati pa zitsulozo?"

Mwanayo anali Noemi, yekhayo amene anali naye, wa zaka naintini. Ankayendetsa chithiraki cha chakudya cha ng'ombe pa kampani yomwe bambo akewo ankanyamulako mkaka. Lamulo linkamulola kuzungulira Texas yense, koma kudutsa malire ayi, mpaka atakwanitsa zaka twente-wani. Akatumidwa ku El Paso, mu Texas momwemo, njira yachidule yodzera mu New Mexico ankangoiyang'ana, n'kuzungulira cha ku Lubbock ndi Odessa, ulendo wotha tsiku. Koma ku Clovis, tsidya la New Mexico, komwe munthu amapita khofi asanazizire m'kapu, sakanapondako ndi thiraki.

Musaganize kuti mdalayu ankangosokosa. Ankafunadi kudziwa. Tsiku lina anakaima pamalirepo atatangadza, mwendo wina ku Texas wina ku New Mexico, kuti amve ngati mbali ina ya mutu ingapepuke. Sanamve kanthu, koma mphepo inawaulutsira chipewa tsidya lina.

A Wendell, mnzawo wakale wa pamsewu, ndiwo ankawatsutsa.

"Achimwene, ana amasiku ano maso ali pa foni. Muwapatse chimtolo chonsecho akatsike nacho mapiri a ku Colorado kukugwa chipale?"

"Nanga ku Texas kuno ngozi kulibe? Inuyo munagwetsa thiraki mu ngalande muli ndi zaka fifite, imvi zili mbuu!"

"Inali mphepo ija."

"Eya, mphepo yake yokhala ndi laisensi."

Ndiye Lachiwiri lina a Wendell analowa akumwetulira ngati atola chikwama. Anati boma likuyesa njira yatsopano. Achinyamata aloledwa kudutsa malire, bola pambali pakhale dalaivala wamkulu kwa miyezi ingapo, kenako azipita okha. Kampani yawo inali italowa nawo kale.

"Mwawina, mdala!" anatero mayi Darlene, akuwathirira khofi wina. "Lero tipumako funso lija."

Anthu anawomba m'manja. A Lalo anaseka nawo, koma kusekako kunathera m'mano. Anadabwa kuti mumtima mwangoti zii, ndipo poti ndi munthu wokonda kufufuza, anayamba kudzifufuza okha ali pa chiwongolero tsiku lonselo. Yankho analipeza ndipo silinawasangalatse. Texas ndi wamkulu, inde, koma ali ndi polekezera. Noemi akapita kutali chotani, mawa lake ankabwera, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kudandaula kuti nyemba zachepa tsabola. Amene wadutsa malire amabwera kamodzi pamwezi, mwina osabwera n'komwe mpaka Khirisimasi. Iwo ankadziwa bwino, pakuti msewu umenewo anauyenda zaka zambiri. Lamulo lomwe ankalinyoza m'mawa uliwonse ndi lomwe linkawabwezera mwana kunyumba. Anachita mantha, ndipo anachita manyazi ndi manthawo.

Madzulo anapeza Noemi akutsuka magalasi a thiraki, nkhope ili ngwee.

"Adadi, mwamva? Akuti ndisankhe wokhala naye pambali. Ndatchula inu."

"Ine? Bondo langali silifuna maulendo ataliatali."

"Bondo lake liti? Loweruka munavina mpaka oimba anatopa."

"Komanso a Wendell akunena zoona pang'ono. Mapiri aja..."

Noemi anasiya kupukuta n'kuwayang'ana. "Zaka ziwiri mwakhala mukuuza tauni yonse kuti ndimayendetsa kuposa amuna onse pano. Munkanama?"

"Sindinkanama."

"Ndiye ndikauze a Wendell akhale ndi ine?"

Apa ndiye anagwidwa. Akakana, mwana apitabe, koma ndi munthu wogwetsa thiraki mu ngalande. Akavomera, ndiye kuti amuperekeza okha ndi manja awo.

Ulendo woyamba unali wa ku Denver, ku Colorado. Ananyamuka dzuwa litangotuluka, a Lalo atakhala kumanja, pampando wa wokwera, mpando umene anali asanaukhalepo chiyambire ukalamba wawo. Manja anasowa pogwira. Anawaika pa maondo, kenako pa chipewa, kenako pa maondonso. Podutsa pa lesitilanti, mayi Darlene ndi a Wendell anatuluka n'kukweza makapu, Noemi n'kuwaimbira hutala.

Njanji inali patsogolo. A Lalo anatembenuka kuti amuonetsetse mwanayo, pakuti lero ndiye tsiku loti funso lawo liyankhidwe. Noemi anachepetsa liwiro, anayang'ana uku ndi uku, monga bambo ake anamuphunzitsira. Matayala akutsogolo anagunda zitsulo, gu-gu, kenako akumbuyo. A Lalo anamuyang'ana m'maso, anamuyang'ana manja. Palibe chinasintha. Manja anali omwewo, odekha, ndipo ankang'ung'udza kanyimbo kake ka masiku onse. Chimodzi chokha ndi chimene anaona: ngolo ya thirakiyo itangodutsa njanji, mwanayo sanayang'anenso pagalasi kuti aone Farwell. Maso ake anali kutsogolo, kumene msewu unkapita osaoneka mathero.

Anayenda pang'ono. Kenako Noemi anayang'ana pansi, cha ku mapazi a bambo ake, n'kubweza maso pamsewu.

"Adadi."

"Ee?"

"Mwendo wanuwo."

A Lalo anayang'ana. Nsapato yawo yakumanja inali itakanikiza pansi mwamphamvu. Sankadziwa kuti anayamba liti.

"Mbali yanuyo kulibe buleki," anatero Noemi motsitsa mawu.

"Ndikudziwa, mwanawe."

Anaunyamula mwendowo pang'onopang'ono, n'kuugwira ndi manja onse awiri kuti usabwerere.