Nsalu Zotembenuza

Ine Dorica ndimagulitsa tomato pamsika wa Mitundu, ndipo tsiku limene chipani chinkasankha woimira ukhansala ndinaliko ndi maso angawa. Aliyense ankafola kumbuyo kwa munthu amene akumufuna. Mzere wa Mayi Felesiya, mnzanga wa benchi limodzi, unakafika mpaka kuchigayo. Wa bambo amene ankapikisana nawo, aa, ngakhale minibasi sukanadzaza. Koma anati wapambana ndi bamboyo, poti akuluakulu a m'tauni ankafuna iyeyo. Wowerenga mizereyo? Amuna anga enieni, a Maliro, tcheyamani wa nthambi! Ndinawaphikira ndiwo zopanda mchere mpaka anaonda khosi.

"Ndiima pandekha," anatero Mayi Felesiya. "Kamlatho ka njira ya ku Nathenje kanakokoloka kalekale, tomato wathu akuwolera kutsidya. Chipani sichiwoloka pamenepo, timawoloka ndife."

Vuto linali nsalu. Kuno msonkhano wopanda nsalu zofanana anthu amauseka, ndipo mnzangayo analibe ndi imodzi yomwe yogawa.

"Mukavina mutavala chiyani, masaka a feteleza?" anandifunsa a Maliro, akuseka mpaka kutsokomola.

Mtima unandiwira. Tsiku la msonkhano wa Mayi Felesiya ndinatenga nsalu ya chipani chawocho n'kuivala motembenuza, nkhope ya mtsogoleri kuyang'ana mkati. Nditangofika pabwalo, mayo ine! Azimayi kuseka, kenako aliyense kumasula ya chipani chake n'kutembenuzanso. Zobiriwira, zabuluu, zachikasu, zofiira, zonse kungoti mbuu ngati zasuluka tsiku limodzi. Nthungululu! Anyamata a kabaza nawo anatembenuza matisheti, nkhani mpaka kukafika ku Nathenje. Tinavina fumbi kobo, ndipo ndinasangalala mpaka misozi.

Titavota, m'mawa mwake uthenga unabwera pafoni kuti Mayi Felesiya apambana. Ndinalumpha n'kukhalira dengu la tomato, osadandaula n'komwe.

Posakhalitsa ndinangoona a Maliro akulowa mumsika mwakachetechete, malaya a chipani ali otembenuza, misoko yonse panja.

"Bambo, mwavala bwanji?"

"Ndimathamanga," anayankha akuyang'ana pansi. Kenako anandinong'oneza: "Ulendo uno awerenga ena, mayi. Voti yanga ili momwemo mwa a Felesiya."

Tsiku limenelo m'ndiwo ndinathira mchere.