Nkhoswe pa Chitunda cha Matope

Chiperoni chinafika sabata ya ukwati wa Tisungeni. Mwezi wa Juni anthu amamanga maukwati podalira kuti kumwamba kwatseka, koma chaka chimenecho nkhungu inatsika m'mapiri a Neno, mvula yamawawa n'kumangonyowetsa dothi osaleka. Pofika Loweruka m'mawa, msewu wokwera kuchokera ku Lisungwi unali utasanduka therere.

A Gerishon anakhala pakhonde atavala suti yakuda, ndodo ili pakati pa miyendo. Tisungeni anali mwana wa malemu mlongo wawo, ndipo mwa amalume ake onse otsala ndi moyo anali iwo okha. Iwo ndiwo anali nkhoswe. Kutchalitchi cha kumudzi, kupitirira Ligowe, abusa samanga ukwati nkhoswe ya mkazi isanaimirire n'kuvomera pamaso pa mpingo, ndipo abusawo ankayembekezedwa kumaliro kudera lina masana omwewo. Lole yomwe inkayenera kudzatenga a Gerishon inali itatitimira panjira. Njinga yamoto sakanaikwera, pakuti chiuno chawo chinathyoka chaka chatha ndipo chinapola mokhota.

Foni inalira. Anali Tisungeni.

"Amalume, akuchimuna ayamba kunong'onezana kuti ndilibe abale. Kodi mubwera?"

"Ndibwera, mwana wanga," anayankha. Atadula foni anaweramitsa mutu, chifukwa analonjeza chinthu chimene analibe m'manja. Anapempha Mwini njira zonse kuti asamuchititse manyazi mwana wamasiyeyo.

"Achimwene, nkhope yagwa chonchi ngati mbuzi zadya mbewu, kwagwanji?"

Anali a Sulemani, mnansi wawo wa golosale, ataima pampanda ndi kapu ya tiyi. Atamva nkhaniyo sanachedwe. Anatembenuka n'kufuula, "Nadia! Tulutsa chidole chako chija!"

Nadia, mwana wa a Sulemani, anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Joni, kumene ankagwira ntchito pagalaja. Anabwera akuyendetsa yekha galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yamphuno yaitali, yogwada pansi ngati mphaka wobisalira mbewa. Ana a pa Lisungwi ankaithamangira. A Gerishon ankangoiyang'ana patali, n'kumati mumtima zinthu zoterezi n'za misewu yatala ndi anthu opanda kopita.

"Iyi ikwera mapiri athu?" anafunsa a Gerishon.

"Imakankha ndi matayala a kumbuyo, bambo, ndiye pamatope imavuta ngati bulu," anatero Nadia akumanga mpango wa kumutu. "Koma bulu ukamudziwa mtima, amakufikitsa."

A Sulemani anatulutsa matumba awiri a mpunga, mphatso ya ukwati, ndipo Nadia anawalonga yekha m'buti. Kenako anagwira a Gerishon pamkono n'kuwatsitsira pampando. Iwo anamva ngati akhala pamphasa.

Anachoka kuchigwa, nayamba kukwera. Nkhungu inawameza. Kuzizira kunkalowa m'mafupa, koma a Gerishon anaiwala kuzizirako poyang'ana manja a mtsikanayo. Sankalimbana ndi chiwongolero. Ankachigwira mopepuka, monga mmene mayi amagwirira mutu wa khanda posambitsa. Pokhota, mchira wa galimoto unkafuna kuthawira kumbali, iye n'kutembenuzira chiwongolero komweko kumene mchirawo ukuthawira, ndipo galimoto inkawongoka yokha ngati yachita manyazi.

"Bwanji osaponda buleki ikamaterera?"

"Mukaponda buleki mwaisiya m'manja mwa matope. Iyi imafuna kuinyengerera. Moto pang'ono pang'ono, basi."

Patsinde pa chitunda chachikulu anapeza lole ija itapendekeka m'ngalande. Oitanidwa ku ukwati anali ataima m'mbali mwa msewu, zitenje zili kumutu. Pakati pawo panali a Ackim, mwini loleyo, ndi mayi Mercy, mtsogoleri wa amayi a mpingo, munthu wathupi lodzaza ndi mawu omveka kutsidya la mtsinje. Chitundacho chinali chofiira, chonyezimira, chokhota pakati, ndipo kumanzere kwake kunali phompho limene pansi pake nkhungu inabisa.

Nadia anaimitsa galimoto, navula nsapato. "Ndikaone kaye ndi mapazi," anatero, n'kuyamba kukwera wapansi mpaka anasowa m'nkhungu.

A Ackim anasuzumira pawindo. "Bambo mkulu, kanthu aka kanyamula chiyani? Kakugwada kumbuyo."

"Mpunga, matumba awiri."

"Aa! Ndi katundu pachitunda ichi? Ngakhale minibasi timatsitsa anthu."

A Gerishon anaona kuti n'zoona. Moyo wawo wonse, galimoto ikalephera phiri, anthu amatsika, katundu amatsitsidwa. Anafuna kumupeputsira mwana wa mnzawo ntchito. Analoza kabatani kamene anaona Nadia akudina, a Ackim n'kudina, buti inatseguka, ndipo amuna awiri anasenza matumbawo n'kulowa nawo kanjira kachidule kodutsa m'minda ya kachewere.

Nadia anabwerera miyendo ili yofiira mpaka m'mawondo. Anapukuta mapazi, nakhala pampando, nanong'ona dzina la Mulungu m'chinenero cha kumzikiti. A Gerishon anati ameni chamumtima. Galimoto inanyamuka bwino, koma itangofika pokhota paja, matayala a kumbuyo analira, matope anauluka, ndipo mchira unagwedezeka n'kuyamba kutsetserekera kuphompho. Amayi anakuwa. A Gerishon anaona nsonga za mitengo pansi pa windo lawo, pemphero lonse linathawa n'kutsala liwu limodzi lokha, "Ambuye!"

Nadia sanakuwe. Anachotsa phazi pamoto, natembenuza chiwongolero mofulumira koma mosatekeseka, nailola galimoto kubwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka tayala linagwira udzu wa kumbali ya phiri. Inaima.

Nadia anapumira m'mwamba. Kenako anati, "Yapepuka kumbuyo. Mpunga uja uli kuti?"

A Gerishon anayang'ana ndodo yawo. "Ndautsitsitsa ndine, mwanawe. Ndimati ndikuthandize."

Anayembekezera mawu owawa, ndipo akanawalandira. Koma mtsikanayo anangoseka pang'ono, akupukuta thukuta pamphumi.

"Bambo, mpunga uja ndi umene umapanikiza matayala kuti alume pansi. Iyi ikapepuka kumbuyo imavina." Anatulutsa mutu pawindo. "Matumba aja ali pafupi?"

"Afika kale pamwamba amenewo!" anayankha a Ackim akukanda mutu.

Nadia anayang'ana anthu onse mmodzimmodzi, ndipo maso ake anaima pa mayi Mercy. Anatsika, nagwada pang'ono mwaulemu.

"Mayi, pepani, ndikupempheni. Kumbuyoku kuli kampando. Ndikufuna munthu wa... munthu wodalitsika."

"Nena bwinobwino, iwe, ukufuna wonenepa!" anatero mayi Mercy, anthu n'kuphulika kuseka. "Zaka zonsezi a Ackim akundilipiritsa malo a anthu awiri m'lole yawo yakufayo. Lero thupi langali lapeza utumiki. Clara, tiye, nawenso sunachepe."

Kuwalowetsa amayi awiriwo kunali ntchito. Mpando unapindidwa, a Ackim anakankha, mayi Mercy anawaopseza ndi ambulera, mpaka onse anakhazikika, mawondo ali pachibwano. Galimoto inagwada kumbuyo. Nadia anaphwetsako mpweya pang'ono m'matayala a kumbuyo, nabwerera chambuyo mpaka patsinde, nauza amuna aja kuti asakankhe, angoima kutali.

"Zivute zitani, musagwire dzanja langa, bambo. Ndipo amayi, musadzuke."

"Tidzukire kuti? Tatsekeredwa ngati nkhuku za pamsika!"

Ananyamuka ndi giya yachiwiri, injini ikung'ung'udza pansipansi. Sanatsate mikwingwirima ya lole. Anayendetsa matayala a kumanja pamzere wa timiyala umene mapazi ake anaupeza m'matope muja. Mayi Mercy anayambitsa nyimbo ya paulendo imene amayi amaimba poperekeza mkwatibwi, mayi Clara n'kulandira, ndipo a Gerishon anapezeka akuthira mawu a pansi, maso ali pa manja aja.

Pokhota paja mchira unathawanso. Nthawi iyi Nadia sanachotse phazi. Anawonjezera moto pang'ono kwambiri, chiwongolero chikuyenda uku ndi uku m'manja mwake, ndipo galimoto inakwera chopingasa ngati nkhanu, mphuno italoza kuphiri, mchira uli cha kuphompho, koma ikupitabe m'mwamba. Matope ankagunda pansi pake ngati ng'oma. Nkhope ya mtsikanayo inali bata, milomo yokha ikuyenda. A Gerishon anali ataona alimi odziwa khasu ndi amisiri odziwa nsompho, ndipo ankakhulupirira kuti luso lililonse loona ndi mphatso yochokera kumwamba. Apa anaona mphatso yotero ili m'manja mwa mwana amene anamuona akukwawa pakhonde la golosale, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

Matayala analuma pouma. Galimoto inawongoka, nitulukira pamwamba pa nkhungu, pomwe amuna awiri aja anali atakhalira matumba a mpunga, kukamwa kuli yasa. Mayi Mercy anaimba nthungululu m'khutu mwenimweni mwa a Gerishon.

Atafika patchalitchi, galimoto yofiira ija inali itasanduka yofiirira ngati chulu. M'kati munkamveka kwaya ikubwereza nyimbo imodzimodzi, monga amachitira pofuna kutalikitsa nthawi. Njinga yamoto ya abusa inali itatulutsidwa kale pansi pa mtengo, chipewa chili pampando.

Nadia anazungulira n'kudzutsa a Gerishon. Miyendo yawo inali itachita dzanzi, ndipo masitepe a tchalitchi anali onyowa.

"Ndigwire, mwana wanga. Usandisiye pakhomo."

"Ndilibe nsapato, bambo. Onani miyendoyi."

"Kwanu mumalowa m'nyumba ya Mulungu opanda nsapato. Lero ulowa chomwecho kwathu."

Analowa pang'onopang'ono, nkhalamba ya ndodo ndi mtsikana wa mpango, akusiya mapazi ofiira pasimenti. Mitu inatembenuka. Kumabenchi a akuchimuna manong'onong'o anazima. Kutsogolo, Tisungeni anatukula nsalu yoyera kumaso, ndipo atawaona anaphimba pakamwa ndi manja onse awiri.

Abusa anakweza dzanja, kwaya inaleka. Anayang'ana mpingo pamwamba pa magalasi awo.

"Ndifunsenso komaliza. Kodi nkhoswe ya mkazi ilipo?"

A Gerishon anasiya mkono wa Nadia, naima okha pandodo yawo, nawongola msana mmene chiuno chinawalolera.

"Ilipo, abusa," anatero ndi mawu odzaza tchalitchi chonse. "Mwanayu ndi wathu. Ali ndi abale."