Pondani Kamodzi, Musapope

Tiyi anali asanazizire n'komwe pamene getsi lachikasu linayaka patsogolo pawo, kabelu n'kulira. Kaputeni, amene anzake ankamutcha Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka, anasiyira panjira nkhani ya apongozi ake.

"Mafuta a haidiroliki akutha, a Kaputeni," anatero wachiwiri wake, mtsikana wamaso akuthwa amene anakhala kudzanja lamanja. "Thanki yoyamba yauma. Yachiwiri nayonso ikutsika."

Mafuta amenewo si oyendetsera injini ayi. Ndiwo nyonga za ndege: amatsitsa matayala, amakankha zipsepse za kumapiko, amagwiritsa mabuleki. Paipi yake ikabooka, chindege chonsecho chimafooka nkhongono chili m'mwamba.

Mtima wa Wailesi unagunda, koma tinene zoona, sanali mantha okha. Zaka zonsezi ankamutsekera m'chipinda choyeserera ngozi za ndege, mphunzitsi n'kumamuphera zipangizo mwadala uku akumwetulira. Lero zafika zenizeni! Magazi anawira, manja akuchita kuyabwa.

"Ndege ndagwira ine. Inu achemwali, tsegulani buku, muziwerenga."

M'kachipinda ka oyendetsa ndege ntchito amagawana choncho. Wina amangoulutsa basi, wina amawerenga malangizo mokweza, ndipo palibe wokhudza batani mnzake asanaliwone n'kuvomera. Mtsikana uja ankaloza, Wailesi n'kuti, "Lomwelo, dinani." Anauza a pansanja ya pabwalo la ndege kuti akubwerera, awakonzere msewu woterapo wautali kwambiri ndi galimoto zozimitsa moto. Mayi woyang'anira osamalira apaulendo anangomva mawu ochepa pafoni, n'kuyamba kumangitsa anthu malamba ndi nkhope ya munthu wogawa maswiti.

Matayala anafunika kugwa okha ndi kulemera kwawo. Mtsikana uja anakoka chogwirira. Gudu! Gudu! Magetsi awiri obiriwira. Lachitatu zii. Onse awiri analiyang'anitsitsa ngati mwana wokana kuyankha moni, mpaka pansi pa mapazi awo panamveka gudu!

"Onse atuluka!"

"Eyaa! Pitirizani, pitirizani!"

Mtsikana uja anawerenga mzere wotsatira, mawu ake n'kutsika. "Mabuleki atsala ndi mphamvu ya m'kabotolo kosungira kokha. Mukaponda n'kusiya, ina yapita, sibwereranso. Pondani kamodzi, musapope. Ikatha, tikadutsa msewu wonse."

Apa ndiye panagona vuto. Wailesi anaphunzirira kuyendetsa pa chilole cha amalume ake, chimene mabuleki ake ankagwira ukawapopa ngati ukupondereza makina osokera. Mutu wake unkadziwa za ndege, koma mapazi akadzidzimuka ankabwerera kwa amalume.

"Achemwali, mapazi angawa ndi osamva. Mukaona bondo layamba kuvina, mundikalipire. Iwalani zoti ndine bwana wanu."

"Mwayi umenewo ndaudikira kalekale, a Kaputeni."

Anaseka onse.

Zipsepse zinangotuluka theka, choncho anatsika ndi liwiro loposa la masiku onse. Msewu unaonekera kutsogolo, wakuda bii, galimoto zofiira zitandanda m'mbali. Chiwongolero chinali cholemera ngati wilibala ya mchenga. Wailesi analimbana nacho, thukuta likulowa m'maso, mtima ukuimba. Kumbuyo osamalira apaulendo ankafuula pamodzi, "Mitu pansi! Mitu pansi!"

Matayala anakhudza phula. Injini zinabangula pobweza mphepo kutsogolo. Wailesi anaponda, pang'onopang'ono, n'kukanikiza.

Koma ndege inkangothamangabe! Zikwangwani za m'mbali zinkadutsa fyu, fyu, ndipo magetsi ofiira a kumapeto kwa msewu ankakula. Thupi lonse linamuuza kuti mabuleki sanagwire, asiye, apondenso. Bondo lakumanja linayamba kunyamuka lokha.

"Bambo inu! Kanikizani pomwepo! Mukangosiya muona!"

Bondo linabwerera pansi ngati lamenyedwa ndi ndodo. Wailesi analuma mano, nakanikiza mpaka msana unamatirira kumpando. Lamba linamukoka pachifuwa. Zikwangwani zinayamba kuyenda m'malo mothamanga, kenako kukwawa. Ndege inagwedezeka kamodzi, n'kuima njii, udzu wa kumapeto kwa msewu ukuoneka tsamba lililonse.

Kumbuyo kunaphulika m'manja, nthungululu, ena akulira. Mtsikana uja anamenya chibakera m'mwamba.

"Taima, a Kaputeni! Taima!"

"Mwandikalipira ngati mayi anga, inu!"

"Munapempha nokha."

Ozimitsa moto anazungulira matayala otentha aja, anthu a pabwalo n'kuwapinga ndi zotchingira. Masitepe anafika, khomo linatsegulidwa. Mtsikana uja anazimitsa zonse, atacheuka anaona mapazi a kaputeni akadali chikanikizire.

"Atchinga kale matayala. Chotsani mapaziwo, yaima ndegeyi."

Wailesi anasuzumira pazenera. Pamasitepe pankatsika mayi wina atafungata khanda, akuponda mosamala, ndipo kumbuyo kwake mzera unali ukadali wautali.

"Ndamva, achemwali," anatero chapansipansi. "Atsike kaye onse."