Ma Aukje Asanu M'kabokosi Kamodzi

Ng'ombe yanga Aukje 7 inkayenera kukwera lole ya Wiebe, wonyamula ziweto, Lachisanu m'mawa, ulendo wa kubutchala. Wiebe ndinamuitana ndekha, kompyuta itandionetsa kuti mkaka wa ng'ombeyo watsika kwambiri.

Chondizunguza mutu chinali chakuti sinatsike yokha. M'khola mwanga muli ma Aukje asanu. Thole lalikazi limatenga dzina la make ndi nambala yotsatira, monga ankachitira bambo anga. Asanu onsewo ankaonetsa malita ofanana ndendende, ochepa. Ndinasintha chakudya. Ndinaitana dokotala wa ziweto, sanapeze nthenda. Ndinangoti mtunduwo watopa, ndiyambe ndi wamkuluyo.

Pulogalamu yowerenga mkaka ndinailemba ndekha chaka chomwe mkazi wanga anamwalira. Imatenga mayina a ng'ombe pamndandanda, limodzilimodzi, n'kupangira dzina lililonse kabokosi kakekake kosungira malita. Kabokosiko kamatchedwa dzina la ng'ombeyo. Ndinkafuna choncho.

Mwana wanga Tjitske, amene amalemba mapulogalamu mumzinda wa Leeuwarden, anafika Lachisanu lomwelo ndi buledi. Ndinamuonetsa. Anawerenga chiimire, jekete ili m'thupi.

“Bambo, ndani anakuphunzitsani zimenezi?”

“Zimagwira.”

“Zimagwira? Ng'ombe muli nazo zingati?”

“Makumi asanu ndi limodzi.”

“Timabokosi tilipo makumi anayi. Zinazo mwadya?”

Anandiuza kuti dzina la kabokosi sililola mpata pakati. Ndiye pulogalamu ikafika pa Aukje 7 imadula pampatapo, n'kupanga kabokosi kotchedwa Aukje basi. Ikafika pa Aukje 9 sipanga kena, imangofufuta zomwe zinalimo n'kulembamo zatsopano. Wotsiriza pamndandanda ndiye amatsalamo.

“Wotsiriza ndani?” anafunsa.

“Aukje 21.”

“Amatulutsa bwanji?”

“Ndi mwana. Wangobereka koyamba.”

“Ndiye mwakhala mukuweruza agogo ake ndi mkaka wa chidzukulu.”

Ndinayang'ana kompyutayo. Dzina linalipo, Aukje 7, malita ali pambali pake. Ndinamulozera ndi chala.

“Dzinalo ikutenga pamndandanda, bambo. Malitawo ikutenga m'kabokosi.”

“Kabokosi ka Aukje 7.”

“Kulibe kabokosi ka Aukje 7!”

“Ndinakapanga.”

“Simunakapange. Munaganiza kuti mwakapanga.”

Lole inalira pabwalo. Wiebe analowa m'khitchini osavula nsapato.

“Douwe, nkhalamba yako ili kuti? Kapena ndikweze iweyo? Nyama yako yolimba, sangandipatse kanthu.”

Ndinafunsa Tjitske ngati malita enieni a Aukje 7 angapezeke. Anati makina okamira amasunga za tsiku limodzi lokha, zakale zinapita. Za m'mawa uja ndinali nditazitumiza kale ku pulogalamu yanga, makinawo n'kuzichotsa, ndipo m'kabokosimo zinafufutika ngati zinzake.

“Ndiye ndi yabwino?” ndinafunsa.

“Sindikudziwa.”

“Ndi yoipa?”

“Sindikudziwanso. Palibe akudziwa. Kompyuta yanuyi sinaionepo ng'ombe imeneyi.”

Wiebe anatiyang'ana tonse awiri. “Ine ndaiona. Ili ndi miyendo inayi. Ndikweze?”

Tinapita kukhola. Aukje 7 inali chigonere, ikubzikula. Ndinaidzutsa, ndinagwira bere lake. Linali lofewa, poti inali itakamidwa kale. Silinandiuze kanthu. Mwina inatsikadi. Ndi yokalamba.

“Ndikonzereni,” ndinauza Tjitske, “koma ng'ombe iliyonse ikhale ndi kabokosi ka dzina lake.”

“Ayi. Tebulo limodzi, nambala za pakhutu. Timabokosi tanuto tichoke.”

“Ng'ombe si nambala.”

“Mayina anuwo ndi amene aitanitsa lole.”

Wiebe anali atatsitsa kale chitseko cha kumbuyo kwa lole, chingwe chili m'manja. Ndinamulanda chingwecho, n'kuchikoleka pamsomali.

“Lero ayi.”

“Lachisanu likubwerali?”

“Sindikudziwa.”

Anatukwana pang'ono, anamwa khofi, n'kupita lole ili yopanda kanthu. Tjitske anavula jekete, anakhala pampando wanga. Ndinaima kumbuyo kwake kuyang'ana zomwe akulemba. Sindinamvepo n'chimodzi chomwe.