Mipando Iwiri ya Malemu Caudill

Bambo athu, a Elwood Caudill, tinawaika m'manda mu Febuluwale wa 2009, koma ku ofesi ya matikiti ya Koleji ya Tolliver anapitiriza kukhala ndi moyo zaka zina khumi ndi zinayi. Chaka chilichonse mu Ogasiti kalata inkabwera m'dzina lawo, yowafunsa ngati akuifunabe mipando yawo iwiri ya m'holo ya basiketibolo. Achemwali anga a Verna ankakhala patebulo la kukhitchini, kuvala magalasi, n'kusaina dzina la bambo monga ankasainira eni ake. Akamata envelopu ankandipatsa ine kuti ndikaponye ku positi.

Sitinali tokha. Lamulo la koleji linkati mwini mipando akamwalira, mipandoyo itsale kwa mkazi wake kapena mwamuna wake basi, ana ayi, ndipo amayi athu anali atatsogola kale. Choncho m'mizere ya m'munsi, pafupi ndi bwalo, anthu sankamwalira. Kutchalitchi tinkawaimbira, kumanda tinkawasiya, koma m'mabuku a koleji onse anali amoyo ndi athanzi. A Hobart Stidham, amene ankakhala kumanja kwathu, anali pampando wa azakhali awo omwe anatisiya ine ndisanakwatire.

"Uno si mzere, ndi manda," ankatero a Hobart akutafuna mtedza. "Lipenga likadzalira, oyamba kudzuka adzakhala a mzere wachitatu. Matikiti ali nawo kale."

Kaya ofesi inkadziwa kaya sinkadziwa, ine sindinganene. Kale zinalibe ntchito. Zaka zambiri timu yathu, Nkhandwe za Tolliver, inkangogonja. Holo yolowa anthu zikwi zisanu ndi zinayi inkakhala pululu, moti woyimbira mpira akalakwitsa ankadziwa ndi dzina lomwe la amene wamutukwana. Denga likadontha, bambo ndi anzawo a kumgodi wa malasha ankabwera ndi zidebe za kwawo. A Verna anayamba kupita nawo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anakula, anakwatiwa, ukwati n'kutha. Anaphikira ana asukulu zaka makumi atatu mpaka kupuma. Zonse zinabwera n'kupita, koma mpando 11 ndi 12 pamzere wachitatu sizinawachoke. Ine ndinkangowaperekeza. Mpira ndimaukonda, koma timu ikagonja ndimadya. Iwo ayi.

Kenako kunabwera mphunzitsi watsopano, anyamata n'kuyamba kupambana. Pampikisano waukulu wa mu Malichi anagwetsa matimu a makoleji akuluakulu zaka zitatu zotsatizana, ndipo dziko lonse linatikonda mwadzidzidzi. Tauni ya Marlow Gap, kumene ngakhale basi inasiya kuima, inayamba kutchulidwa pa kanema m'mawa ndi madzulo. Malaya athu ofiira ankavalidwa ku Seattle, ku Boston, ku Phoenix, ndi anthu oti sangaloze tauni yathu pamapu. Ofuna matikiti analembetsa mpaka mndandanda wawo unaposa chiwerengero cha anthu a m'tauni yonse.

Foni inalira Lachiwiri lina masana mu Januwale, ine ndili pansi pa sinki ya a Verna ndikukonza mpopi. Iwo samva bwino, ndiye foni amaiika mokweza.

"Muli bwanji mayi? Ndine Garrett Prewitt wa ku ofesi ya zamasewera ku Tolliver. Ndingalankhule ndi bambo Elwood Caudill?"

"Sangabwere pafoni. Ndine mwana wawo."

"Chabwino kwambiri! Mayi, ndili ndi nkhani yabwino. Tafufuza m'kompyuta, tapeza kuti bambo anu ndi amene akhala ndi mipando nthawi yaitali kuposa wina aliyense. Chiyambire 1957! Ndipo chaka chino akwanitsa zaka zana ndi chimodzi, eti?"

A Verna anandiyang'ana. Ine ndinaika sipanala pansi.

"Loweruka la sabata yamawa akubwera a kanema wa dziko lonse," anapitiriza a Prewitt. "Tikufuna nthawi yopuma ya masewera bambo atsikire pakati pa bwalo, dziko liwaone."

"Sayenda," anatero a Verna.

"Njinga ya olumala tili nayo."

"Salankhulanso."

"Palibe vuto ngakhale pang'ono! Angovala chipewa chathu, n'kukweza dzanja. Kapena ngati kutuluka kuli kovuta, tibwera ndi makamera kunyumba komweko Lachisanu."

Foni itadulidwa, a Verna anakhala pampando osavula epuloni. "Achimwene," anatero, "atipeza."

Mawa lake tinapita kwa a Hobart, chifukwa nkhaniyi inali yawonso. Tinawapeza m'galaja akupaka mafuta makina odulira udzu. Atamva, anaseka mpaka kutsokomola.

"Zana ndi chimodzi! Elwood iwe, ukukalamba bwino kumandako!"

"A Hobart, si zoseka izi," anatero a Verna.

"Ndiye mukuvutikiranji? Kunyumba ya okalamba kuseri kwa chipatala kuli madala oti sadziwa n'komwe dzina lawo. Bwerekani mmodzi. Mum'veke chipewa, mum'patse masiwiti. Anyamata a ku ofesiwa ndi obwera, sadziwa munthu muno."

"Nanga a m'holo? Theka la anthu a m'munsimo ananyamula nawo bokosi la bambo."

"Amenewo sangayankhule. Aliyense ali ndi mtembo wake pansi pa mpando." Anapukuta manja ndi sanza, nkhope itasintha. "Koma ndikuuzeni, a Verna. Musakawauze zoona. Mukatsegula chitsekocho, mphepo siiwomba inu nokha."

Pobwerera tinafika pa mlatho. Pamenepo ndiye a Verna anandifunsa ngati ndikudziwa mdala wina wofanana ndi bambo. Ndinati ndikudziwa awiri, koma sindikawatenga. Anati iwonso amadziwa kuti nditero. Kusaina dzina papepala ankakuona ngati kusunga za bambo. Koma kukankha mlendo panjinga n'kumamutcha bambo pamaso pa anthu amene analira nawo maliro, mtima unawakanira. Anayesa kuimba foni kuti bambo adwalika, agonekedwa m'chipatala. A Prewitt anafunsa chipinda chake kuti timu ikawazonde.

Lachisanu a Prewitt anabwera okha poyamba, makamera akudikira m'galimoto panja. Anali bambo wa zaka za m'ma makumi anayi, waulemu, nsapato zonyezimira. A Verna anawapatsa khofi ndi chitumbuwa cha maapozi, kenako anaika patebulo pepala la mwambo wa maliro, lija lokhala ndi chithunzi cha bambo kutsogolo.

A Prewitt analiwerenga kawiri.

"2009," anatero.

"Inde."

"Ndiye amene wakhala akusaina..."

"Ndine. Achimwenewa asakhudzidwe, ankangonyamula kalata."

Ndinkayembekeza ukali. Koma munthuyo anayang'ananso chithunzicho, kenako maso ake anayamba kuwala.

"Mayi Verna, mukudziwa chimene mwandipatsa? Mwana wamkazi amene anakana kuti mpando wa bambo ake uzizire! Zaka khumi ndi zinayi! Iyi ndiye nkhani. Dziko lonse lilira."

"Nanga mipando?" ndinafunsa.

"Zimenezo tisaziganizire lero, bambo. Lero ndi tsiku la a Elwood."

Ndimayesetsa kusamuweruza munthuyo. Sanatilonjeze kanthu, ndipo bodza tinayamba ndi ife. Koma ndinaona kuti a Verna yankho lija analimva ngati lonjezo, ndipo iye anaona kuti alimva choncho, n'kungomwa khofi wake.

Makamera analowa. Anajambula chipewa chakale cha bambo, nyali yawo ya kumgodi, matikiti onse a chiyambire 1957 amene a Verna ankasunga m'mabokosi a nsapato. Anawauza kuti akhale pawindo, ayang'ane panja. Anabwereza kanayi.

Loweruka masana holo inadzaza mpaka kudenga. Nthawi yopuma magetsi anawachepetsa, nkhope ya bambo inaoneka pa kanema wamkulu wopachikika pakati, yaikulu ngati khoma la nyumba. A Verna anatsika masitepe atatu kuchoka pamzere wathu atavala juzi yawo yofiira, n'kuima pakati pa bwalo, ochepa ngati mwana. Holo yonse inaimirira. Ana akoleji ankaimba dzina la bambo, El-wood, El-wood, akumenya mapazi. Mphunzitsi wa timu anawakumbatira. A Verna analira, nanenso ndinalira, sindibisa.

A Hobart sanaimirire. "Ombani m'manja, amwene," anandiuza chapansipansi. "Maliro athu amenewa."

Timu inapambana tsiku limenelo. Sabata yotsatira makalata anayamba kufika kwa a Verna kuchokera kumadera amene sitinafikeko: ku Oregon, ku Maine, ku Texas. Mayi wina anatumiza bulangete loluka yekha. Bambo wina analemba kuti mwana wake wamutcha Elwood. Onse ankati ndi Nkhandwe za mumtima, ngakhale kuti ku Marlow Gap sanapondeko. A Verna ankayankha kalata iliyonse pamanja.

Kalata ya koleji inafika pakati pa makalata omwewo, kumayambiriro kwa Epulo. Inali yaulemu. Inathokoza banja la Caudill chifukwa cha kukhulupirika kwake kosayerekezeka, ndipo inati malinga ndi malamulo, mpando 11 ndi 12 zabwerera m'manja mwa koleji. Inatinso mayi Verna ali ndi ufulu wolembetsa dzina lawo pamndandanda wa odikira, ngati wina aliyense.

Mwezi womwewo ofesi inalembera onse a m'mizere ya m'munsi kuti mwini mipando aliyense akaonekere yekha ndi chiphaso chake. Mabanja makumi anayi ndi awiri analibe munthu wokamuonetsa. Mipando yawo inapita kwa makampani ndi kwa anthu opereka mphatso zikuluzikulu ku koleji, ambiri a iwo a kutali, obwera pandege.

Tinapita ku ofesi ya a Prewitt. Anatilandira bwino.

"Ndinayesetsa, mayi. Koma nkhani itaonetsedwa dziko lonse, akuluakulu sakanatha kunamizira kuti sakudziwa. Anthu zikwizikwi akudikira mwachilungamo."

"Amene anaionetsa dziko lonse ndani?" anafunsa a Verna.

"Koma tili ndi chinthu chabwino," anatero ngati sanamve. "Pampando 11 tikhomapo kachitsulo kolembedwa dzina la bambo anu. Kadzakhalapo mpaka kalekale."

"Kachitsuloko kadzaonera mpira?"

A Prewitt anaimirira. Anatiperekeza mpaka pachitseko.

M'tauni zinthu zinasintha. Ku sitolo anthu amene a Verna anawaphikira ali ana ankatembenuza ngolo zawo kulowera mzere wina. Kutchalitchi benchi yawo inayamba kukhala ndi malo ambiri. A Hobart tinakumana nawo pomwetsera mafuta galimoto.

"Mwadzuka bwanji, a Hobart?" anatero a Verna.

"Funsani azakhali anga," anayankha, osatembenuka. "Munawapha kachiwiri."

Masewera oyamba a nyengo yatsopano anali Loweruka lina mu Novembala, kukuzizira. Itakwana 1 koloko ndinamva hutala ya galimoto panja: a Verna, atavala juzi yofiira.

"Achemwali, tikupita kuti? Matikiti tilibe."

"Pachipata pali Lorene. Ndinam'phunzitsa ine kugwira supuni. Tiyeni."

Ndinadziwa kuti n'zosatheka, koma ndinavala jekete n'kuwalandira chiwongolero. Msewu wa kukoleji unali wodzaza magalimoto a manambala a madera ena. Tinaima pamzere ndi anthu ovala zofiira okhaokha, nkhope zosadziwika. Titafika pachipata, Lorene, mayi wa ana atatu amene wakhala akuona matikiti pamenepo zaka makumi awiri, anatiyang'ana n'kugwetsa maso.

"Mayi Verna, chonde musandichititse zimenezi. Kamakina koonera matikitika kakapanda kulira, ntchito yanga yatha."

"Ndingoima kumbuyo, mwanawe. Sindikhala pansi."

"Sindingathe, mayi. Pepani."

Tikupatuka, mayi wina wovala chipewa cha makutu a nkhandwe anakuwa. "Taonani! Ndi mayi aja a pa kanema! Mwana wa Elwood!"

Anthu anatizungulira. Anali ochokera ku Denver, ku Atlanta, ena ku Chicago. Ankati nkhani ya a Verna ndi imene inawapangitsa kuyenda ulendo wonsewu. Aliyense ankafuna chithunzi. A Verna anaima nawo mmodzimmodzi, akumwetulira akauzidwa kuti amwetulire. Bambo wina wamtali anawagwira phewa n'kunena kuti, "Mayi, inu ndinu mtima wa timu imeneyi." M'dzanja lake lina munali matikiti. Ndinawaona, nawonso a Verna anawaona.

M'kati gulu la zitoliro linayamba nyimbo ya timu. Onse anathamangira pachipata, ndipo pakamphindi tinatsala awiri ndi mapepala ouluka ndi mphepo.

Tinabwerera kugalimoto. Nditati ndilize injini, a Verna anandigwira mkono.

"Tsegulani wailesi kaye. Tisachoke."

Tinamvera masewerawo pamenepo, holo ili patsogolo pathu. Anyamata akagoletsa, phokoso linkayamba kumveka kudutsa m'makoma, kenako pawailesi. Chakumapeto kwa chigawo choyamba woulutsa anati holo yadzaza, kupatula mipando ingapo ya m'munsi imene eni ake ndege yawo yachedwa.

A Verna anatambasula dzanja n'kukweza mawu a wailesi.