Maliro Amene Sanakhuzidwe

Mwandida anali atangotseka chitseko cha Mayi Ersilia pamene Sydney anatuluka m'galimoto namutsekereza pageti, m'manja muli envulopu yong'ambidwa kale.

"Musathamange, Mwandida. Ndikupempheni kanthu."

Mwandida anayang'ana wotchi. Kampani yosamalira okalamba imene ankagwirako ntchito ku Middlesbrough inkapereka theka la ola pa nyumba iliyonse. Umaimbira ofesi pa foni ya m'nyumbamo polowa, kusambitsa munthu, kumupatsa mankhwala ndi tiyi, kenako kuimbanso potuluka. Kumeneko n'kusamala kwa ku Mangalande, chifundo choyenda ndi wotchi.

"Yankho la boma lija labwera," anatero Sydney. "Werengani."

Sydney anali mwana yekhayo wa Mayi Ersilia, bambo wa imvi zake yemwe ankayendetsa takisi. Nkhani ya kalatayo Mwandida ankaidziwa, poti ndiye analembera boma pamene mayiwo ankayankhula. Bambo a mayiwo anali Mtaliyana wogulitsa ayisikilimu m'tauniyi. Mu 1940, dziko la Italy litalowa nkhondo, apolisi anabwera kudzawatenga ngati mdani, chonsecho anali atakhala ku Britain zaka makumi awiri. Anawakweza sitima yopita ku Canada, sitimayo inaphulitsidwa panyanja, ndipo mtembo sunapezeke. Ersilia anali ndi zaka khumi. Tsopano, ali ndi zaka 78, maso atachita khungu ndipo mtima ukuvuta, anafuna mawu amodzi okha kuchokera ku boma: tinalakwa, pepani.

Kalata ya bomayo inali yaulemu kwambiri. Inathokoza mayiwo polemba. Inati zinthuzo zinachitika kalekale, pa nthawi yovuta ya nkhondo, ndipo ofesiyo yamva nkhawa zawo. Pansi panali siginecha yosawerengeka.

"Palibe chimene anena," anatero Mwandida.

"N'chifukwa chake ndakudikirani. Adokotala akuti amayi safika Khirisimasi. Mawa mukamawawerengera, muwonjezere mzere umodzi. Munene kuti boma lapepesa."

"Bwanji osawerenga inuyo?"

Sydney anaseka pang'ono, maso ali pansi. "Ine amadziwa kuti ndimawanamiza. Ndawanamiza za mankhwala, za adokotala, za chilichonse. Inuyo amakukhulupirirani."

Mwandida anaika envulopuyo m'chikwama. Sanamve chisoni, sanamvenso mkwiyo. Anangoganiza za basi.

M'basimo anapeza Esnath, mnzake wa kumudzi ku Ntcheu amene ankagwira ntchito pa kampani yomweyo, atavula nsapato imodzi n'kumasisita phazi.

"Ndiye vuto lili pati?" anafunsa Esnath atamva nkhaniyo. "Line imodzi basi! Ife tikamauza agogo kuti phala lakoma, timakhala talawa?"

"Ndi bodza, Esnath."

"Iii, amayi a mvano! Tamverani, asisi. Boma ndi wamkulu, ndipo wamkulu salakwa. Kwathu kuja anthu angati anatengedwa pa Land Rover osabwerera? Ndiye muzidikira pepani kwa azungu? Komanso pepani sapoletsa chilonda."

"Nanga ngati sapoletsa, ndiwanamiziranji?"

Esnath anamuyang'ana cham'mbali. "Wayamba nzeru. Koma dziwa kuti mwana wawoyo ndi amene amasaina ma form. Akakaika complaint ku office, ma shift ako apita. Uzidzadya chilungamocho."

Mwandida anayang'ana kunja, kumene nyumba za njerwa zofiira zinkadutsa zofanana zokhazokha. Kuyambira pamene amayi ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, mtima wake unali utachita dzanzi. Nthawi imeneyo mapepala ake okhalira ku Mangalande anali asanatuluke, ndiye sakanatha kupita. Maliro anawamvera pafoni, ndipo khadi loimbira linatha anthu ali pakati pa nyimbo ya kumanda. Anaika foni pansi n'kupita kukayanika zovala. Misozi anaidikira sabata yonse, koma sinabwere.

M'mawa mwake anapeza Mayi Ersilia atakhala kale pampando wawo wa pawindo, atavala juzi yabwino ya kutchalitchi. Sydney anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'thumba. Mwandida anaimba foni ku kampani kusonyeza kuti wafika.

"Zosamba zidikire," anatero mayiwo. "Sydney akuti kalata yabwera. Khala apa, mwanawe. Uwerenge pang'onopang'ono."

Mwandida anafunyulula pepala. Anawerenga moni, anawerenga kuthokoza, anawerenga za nthawi yovuta ya nkhondo. Atafika pa mzere womaliza anaima. Sydney anagwedeza mutu momulimbikitsa. Mayi Ersilia anali atatchera khutu, kukamwa kuli kotsegula pang'ono ngati mwana wodikira supuni.

Mzere wabodza uja unali wokonzeka pa lilime. Koma Mwandida anaona kuti akaunena, mayiwa amuthokoza, mwinanso kumupsompsona dzanja, ndipo mawa ndi mkuja adzayenera kulowa m'nyumba muno kudzawasambitsa.

"Yathera pamenepa, amayi," anatero.

Sydney anatukwana chapansipansi.

"Palibe china kuseri?" anafunsa Mayi Ersilia.

"Kuseri n'koyera."

Mayiwo sanalire. Anasalaza juzi yawo pamaondo kawiri, katatu.

"Mukanangochita zimene ndinakupemphani," anatero Sydney. "Ndiimbira ofesi yanu lero lomwe."

"Iwe khala chete," anatero amayi ake osatembenuka. "Unkafuna andipatse switi? Ndine mwana wa wogulitsa ayisikilimu ine, zotsekemera ndimazidziwa." Kenako mawu awo anatsika. "Usiku umene anthu anamva kuti Italy yalowa nkhondo, anaswa mawindo a shopu yathu. Anthu omwewo amene ana awo ankadya kwaulere Lamlungu. Uthenga wa sitima utabwera, amayi anatseka makatani, n'kukhala patebulo masiku atatu. Sipanabwere munthu. Ngakhale mmodzi wogogoda. Tsiku lachinayi anatsegula shopu."

"Palibe amene anabwera kudzakhala nanu?" anafunsa Mwandida.

"Ndani akanalowa m'nyumba ya adani?"

Apa m'pamene china chake chinagwedezeka mwa Mwandida. Za boma sizinamudabwitse, maboma ndi choncho. Koma maliro opanda wokhuza! Kwawo ngakhale mfiti ikafa anthu amabwera, amakhala, amagona pomwepo. Munthu angakane kukubwereka mchere, koma pa maliro ako sasowa.

Anapinda kalata ija n'kuiika patebulo. Anavula nsapato, navula juzi yake n'kuimanga m'chiuno pamwamba pa yunifolomu, poti chitenje panalibe. Kenako anakhala pansi pa kapeti, pafupi ndi mapazi a mayiwo, miyendo atatambasula.

"Mukutani?" anafunsa Sydney.

"Mwanawe, wagwa?" Dzanja la Mayi Ersilia linafufuza m'mwamba mpaka linapeza mutu wake.

"Sindinagwe. Kwathu munthu akaferedwa, amayi sitikhala pampando. Timakhala pansi ndi oferedwawo. Ndachedwa, koma ndabwera. Pepani ndi imfa ya bambo anu."

"Si iwe unawatenga."

"Obwera pa maliro si amene anapha."

Mayiwo anaganiza kaye. "Ndiye kenako mumatani?"

"Palibe. Timangokhala. Wofuna kuyankhula za malemu amayankhula."

Anakhaladi. Kunja galimoto ya zinyalala inadutsa ikulira. Theka la ola linakwana, linapitirira. Mwandida ankadziwa kuti kompyuta ya ku ofesi yaona kale kuti sanaimbe potuluka, ndiponso kuti m'misewu iwiri kutsogoloku muli nkhalamba ina yodikira tiyi. Ankadziwa kuti kalata ya chenjezo ibwera, kapena choposa apo. Sanadzuke.

"Anali wamfupi," anayamba Mayi Ersilia. "Dzina lawo Pasquale. Ankaimba moipa kwambiri, ndipo sankadziwa. Apolisi atabwera anapempha kuti amalize kutsuka ziwiya, poti amayi sankazitsuka bwino. Wapolisi mmodzi anawalola. Anali kasitomala wathu."

Dzanja lawo linali likadali pamutu pa Mwandida, lopepuka ngati tsamba louma. Mwandida anamva ululu umene anauiwala, ndipo sanadziwe ngati unali wa Pasquale kapena wa amayi ake a ku Ntcheu. Sanafunenso kusiyanitsa.

Foni ya m'nyumba inayamba kulira. Onse atatu ankadziwa kuti ndi ofesi. Sydney anapita pomwe inali, naima dzanja lili pamwamba pake, akuyang'ana amayi ake amene anali asanamuuzepo zonsezi chibadwire.

"Ndiwauze chiyani?" anafunsa, mawu ali otsika.

"Uwauze kuti atumize wina kwa odwala enawo," anatero Mayi Ersilia. "Kuno kuli maliro. Ukatha ubwere udzakhale pansi."