Mimba ya Mayi Shu

Kuang Yulian anasoka makolala a malaya kwa zaka zisanu ndi ziwiri m'fakitale ina ku Guangzhou, mpaka anayamba kuona ulusi ngakhale m'mbale ya mpunga. Nkhani yoberekera ena anaimva kwa mnzake wa pa makina oyandikana nawo, yemwe anasowa chaka chathunthu n'kutulukira ali ndi mano atsopano komanso kashopu kakekake. Yulian anaganiza za mwana wake Dandan, amene ankakhala ndi agogo ake kumudzi ku Hunan, ndipo ankaonana naye kamodzi pachaka. Mlungu womwewo anaimba nambala imene mnzakeyo anamulembera padzanja.

Ofesiyo inali pansanjika yam'mwamba, ndipo chikwangwani cha pakhomo chinkangoti ndi malo a uphungu wa zaumoyo. Mwini wake, Mayi Liao, anali mzimayi wamfupi wolankhula ngati akuthamangira basi. Anamuyeza msinkhu, anamuuza kuti ayasamule, kenako anatenga cholembera.

"Woyambayo munabereka bwanji? Anakung'ambani?"

"Ayi. M'mawa ndinali m'munda, masana mwana."

"Zabwino. Fodya? Mowa? Amuna anu akudziwa?"

"Adziwa."

"Ndafunsa ngati akudziwa, mayi. Popanda dzina lawo papepalali, palibe chichitike."

Mwamuna wake, Zou Defu, ankaperekera anthu zakudya m'maofesi pa njinga yamoto. Yulian anamuuza Lamlungu masana, atadikira kuti akhute kaye. Defu anaika timitengo todyera pansi.

"Mwana wa ndani?"

"Wa eni ake."

"Nanga alowamo bwanji?"

"Adokotala akamuikamo."

"Mayi a Dandan, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma mmene mwana amalowera ndimadziwa. Musandipusitse."

Mawa lake Defu anapita ku ofesi kuja atavala jekete la tsiku la ukwati wawo, chisoti cha panjinga chili m'khwapa. Mayi Liao, amene amuna otere anali atawaona ambiri, anatenga pepala n'kuyamba kujambula. Dzira ndi la mayi mwini mwana, mbewu ndi ya mwamuna wawo, adokotala amaziphatikiza m'kambale, kenako amaika m'chiberekero ndi kapaipi kakang'ono. Magazi a Yulian mulibemo, iye ndi wongonyamula.

"Adokotalawo ndi aamuna?"

"Aakazi, ndipo ali ndi zidzukulu."

"Bambo mwini mbewuyo tsiku limenelo adzakhala kuti?"

"Kuntchito kwawo. Akafunenji kuchipatala?"

Defu anasaina, koma mtima sunakhale pansi. Eni mwanawo, Mayi Shu ndi amuna awo Bambo Luo, anakumana nawo kamodzi m'ofesi momwemo, ndipo Defu anafunsa mochenjera kumene bamboyo ankagwira ntchito. Tsiku loika mwana litafika, atatha milungu yobayidwa jakisoni mpaka matako kuuma ngati thabwa, Yulian ali chigonere pabedi la kuchipatala anamva foni ikulira.

"Ndili panja pa ofesi yawo chiyambire m'mawa," anatero Defu monong'ona. "Sanatuluke. Angotsika kamodzi kudzagula tiyi."

"Bambo a Dandan, pitani kuntchito, chonde. Anamwino akundiseka."

Mimba inagwira ulendo woyamba womwewo. Mayi Liao anamusamutsira m'nyumba ya bungwe lawo, mmene munali azimayi ena atatu oyembekezera komanso wophika. Malamulo anawamata pakhomo la bafa. Osatuluka wekha, osanyamula zolemera, osakangana. Tsiku lililonse ola lathunthu mimba izimvetsera nyimbo za piyano. Zonsezi Yulian anazilandira. Chimene chinamupweteka chinali cha pansi penipeni: tsabola ayi.

Munthu wa ku Hunan kumuletsa tsabola! Kwawo mwana amalawa tsabola mano asanakwane. Wophika uja anali wa konko ku Guangzhou, ndipo nsomba ankangoiphika ndi nthunzi n'kuibweretsa yoyera mbee, ikuyang'ana munthu ndi diso lodandaula. Yulian ankadya misozi ili m'maso. Defu, pofuna kupepesa za tsiku lija, anayamba kumubweretsera tsabola wosinja m'kabotolo ka mafuta odzola, ndipo Yulian ankakabisa m'sokosi.

Mayi Shu ankabwera Lachitatu lililonse masana. Anali mayi wamtali, wochepa thupi, wogwira ntchito m'kampani ya inshuwalansi, ndipo mimba zinayi zinali zitawachokera. Ankabwera ndi mphika wa msuzi, n'kukhala kumapeto kwa mpando, maso ali pamimba ya Yulian koma osalimba mtima kuigwira. Msuziwo ankaphika ndi apongozi awo, amayi a Bambo Luo, amene anauzidwa kuti woyembekezera ndi mkazi wa mwana wawo.

"Simunawauze?" anafunsa Yulian.

"Simukuwadziwa. Anagulitsa nsomba mumsika zaka makumi atatu. Akamva iwo, wamva mzinda wonse."

"Nanga mimba ikayamba kufunika kuoneka?"

Mayi Shu anayang'ana kukhomo, kenako anakweza malaya. Anali atamanga mimba ya labala, ya malamba kumsana. Mayi Liao ndi amene ankagulitsa, zitatu, yaing'ono, yapakati ndi yaikulu.

Yulian anayesetsa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka mpaka kugwira khoma. Mayi Shu anafiira nkhope, kenako nawonso anayamba kuseka, n'kumapukuta misozi.

"Tayendani ndione," anatero Yulian.

Anayenda kuchoka pawindo kukafika pakhomo, ali njo ngati msilikali.

"Ayi, achemwali, mwatayika. Ameneyo ndi munthu woba chivwende. Tayani miyendo kunja. Dzanja kumsana. Pokhala pansi muzibuula kaye, ndipo musamadzuke msangamsanga ngati mwakhalira moto."

Kuyambira tsiku limenelo Lachitatu linasanduka la sukulu. Mayi Shu ankabwera ndi kabuku n'kumalemba zonse zimene Yulian ankamva m'thupi, kuti akayankhe bwino anzawo kuntchito. Yulian akati mwendo wachita dzanzi, mawa lake Mayi Shu ankatsimphina mu ofesi. Akati fungo la mazira likumunyansa, Bambo Luo ankakhala mlungu wathunthu osalawa dzira kunyumba kwawo. Mwana atayamba kugunda, Yulian sanadikire kupemphedwa. Anagwira dzanja la Mayi Shu n'kuliika pamimba. Tsiku limenelo mayiwo sanalembe kanthu.

Za tsabola anazitulukira mwezi wachisanu ndi chimodzi, atamva fungo lake m'chipinda. Yulian anaganiza kuti basi, nkhani ikafika kwa Mayi Liao.

"Mwanayu ndi wanu, ndikudziwa," anatero, "koma pakamwapa ndi panga."

"Adokotala anati chiyani?"

"Anati pang'ono palibe vuto. Lamulolo ndi la Mayi Liao."

Mayi Shu anatenga kabotolo kaja, ananyambita pang'ono, n'kutsokomola mpaka mimba ya labala inakhotera kumanzere. Sananene kwa aliyense.

Tsoka linabwera mwezi wachisanu ndi chitatu, nthawi ya chilimwe. Kunja kunkatentha moti Mayi Shu akangolowa m'chipinda cha Yulian ankamasula mimba yaikulu ija n'kuiika patebulo kuti thukuta liume. Lachitatu limenelo anali atakhala pansi pa fani, Yulian akumwa msuzi wa zipalapasiro atathiramo tsabola mpaka kufiira, pamene anamva mkangano pakhomo. Wophika ankati kuno alendo saloledwa. Mawu ena, okulirapo, ankati mphika umene walowa muno ndi wawo ndipo alowa kuti auone.

Chitseko chinatseguka. Panaima mayi wachikulire wamapewa aakulu, ambulera ili m'manja. Anayang'ana mkazi wa mwana wawo, amene mimba inali phwa. Anayang'ana mimba ili patebulo. Anayang'ana Yulian, amene supuni inaima pakati pa mbale ndi pakamwa.

"Amayi," anayamba Mayi Shu, "ndifotokoze..."

"Khala chete. Iwe, wathira chiyani mumsuzi wangamo?"

"Tsabola, amayi," anayankha Yulian.

"Maola anayi! Maola anayi ndili pamoto, nkhuku ndasankha ndekha, iwe n'kuthiramo zimenezo? Ndiwe wa kuti?"

"Ku Hunan."

"Ndinadziwa. Anthu inu malilime anapsa kalekale."

Mayi Shu anali atayamba kulira. "Amayi, za mimbayi..."

"Chidole chakocho? Ndinachiona mwezi wachinayi, utachiyanika kuseri kwa chitseko cha bafa. Ine ndabereka ana asanu. Munthu wa mimba ya miyezi isanu ndi itatu mapazi ake angakhale ngati a mbalame chonchi? Tsiku lina unaivala chadodolido, mchombo uli cha kuchifuwa."

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti uyambe kundilirira ngati mmene ukuchitiramu? Ine ndimangofuna kuona amene akudya nkhuku zanga. Ndakutsata mabasi awiri, mawondo anga ano."

Anakhala pabedi mosaitanidwa, n'kulamula Yulian kuti aimirire. Anamuzungulira, anamugwira akakolo, anamutsegula chikope ngati akuona nsomba ngati ndi ya lero. Kenako anaika chikhatho pamimba, ndipo mwana anagunda mwamphamvu. Nkhope ya mayiyo inafewa pang'ono.

"Uyu ndi wakwathu," anatero. "Bambo ake ankandimenya chonchi ali m'mimba." Anatembenukira kwa Mayi Shu. "Pukuta mamina, vala chinthu chakocho. Anzanga onse a mumsika ndinawauza kuti uli ndi pakati, ndiye ukhala nayo mpaka mapeto. Ndipo uziyenda bwino, ukundichititsa manyazi."

Kuchokera pamenepo mayi wachikulireyo ankabwera okha kawiri pamlungu, n'kukhala pambali mpaka mbale itatha. Mayi Liao anayesa kuwauza za malamulo a bungwe, koma anatuluka m'chipindamo atamva mbiri ya nsapato zawo, tsitsi lawo ndi nsomba zowola zimene wophika wawo ankagula. Koma tsabola mayi wachikulireyo sanathe kumuletsa. Anagwirizana kuti msuzi uzimwedwa mmene waphikidwira, koma pampunga Yulian azichita zimene akufuna.

Mwana anabadwa m'mawa wa tsiku lamvula, wamkazi, wa tsitsi lambiri. Mayi Shu anali pomwepo atagwira dzanja la Yulian, ndipo anakuwa kwambiri kuposa woberekayo mpaka namwino anawaopseza kuti awatulutsa. Yulian anamuona mwanayo kamphindi, anaona kuti zala zakwana, kenako anatembenukira kukhoma. Ankayembekeza kuti sizimukhudza, poti si wake. Zinamukhudza ndithu. Analira tsiku lonse, Defu atakhala pambali akusenda malalanje amene palibe ankadya.

Atatuluka m'chipatala anabwerera kukachipinda kawo ka lendi. Anthu oyandikana nawo anauzidwa kuti anachitidwa opaleshoni ya m'mimba. Defu anapempha tchuthi n'kumaphika yekha, mpunga wina wopserera, wina wosapsa. Madzulo ankakambirana za kashopu ka zakudya kamene ankafuna kukatsegula m'tauni ya kwawo, pafupi ndi sukulu ya Dandan.

Patatha milungu iwiri foni inalira masana. Anali Mayi Shu, akulankhula motsitsa mawu.

"Achemwali, ndipulumutseni. Andigoneka mwezi wa uchembere."

"Inu? Mwabereka chiyani?"

"Akuti anthu akubwera kudzaona mwana, ndiye ndizioneka ngati mchembere. Masiku khumi ndi anayi osasamba m'mutu. Mawindo otseka, masokosi awiri, kutentha konseku. Mang'ina a nkhumba a viniga ndi jinja m'mawa, masana, madzulo. Ndanenepa kuposa nthawi ya mimba ija."

Yulian anaseka mpaka m'mimba munapweteka. Chapatali ankamva kamwana kakulira, ndiponso mawu aja a mumsika akufunsa kuti akulankhula ndi ndani.

"Akuyamwa bwino botolo?"

"Ngati wolipidwa. Dikirani, akufuna akulankhuleni."

Mayi wachikulire uja sanapereke n'moni womwe. "Iwe, wasamba m'mutu?"

"Ayi, amayi," ananama Yulian, tsitsi lili lonyowa.

"Ukunama, ndikumva mawu ako. Mwamuna wakoyo ali pompo? Muuze abwere ndi njinga yake, mphika wako wakhala pano kuyambira m'mawa. Ndipo asayendetse ngati wamisala, wadzaza mpaka pakamwa."

Defu anali atamva zonse. Anazimitsa moto pansi pa mpunga wake, anasuzumira mumphikamo, n'kupumira m'mwamba ngati munthu amene wakhululukidwa mlandu. Kenako anayamba kufunafuna makiyi.